Kapamba wa Mwana wa Eni

Kilimani, Nairobi
14 Malichi 2024

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Akundilembera ndi Mayi Upile a kutchalitchi kwathu ku Kasarani, ndipo ndawauza kuti asakometse mawu anga. Pafoni sindingathe, nyumba zosanjikizanazi ukatsokomola pansi amva.

Nkhani ndi ya mbumba yanu, Deliwe. Shuga wake wa jakisoni uja wasintha khalidwe, akumatsika osachenjeza, munthu n'kungogwa.

Mukundidziwa, ndinalera ana asanu ndi awiri osawerengapo pepala la dokotala. Nditafika kuno ndinapeza masiwiti m'chikwama chake chakuntchito. Anati, "Amayi, amenewo ndi mankhwala anga." Ine ndinati, "Iwe, ndinakubala ndine. Wodwala shuga n'kumadya shuga?" Atalowa kosamba ndinatenga onse, ndi shuga wakukhitchini yemwe, n'kupatsa mlonda wapageti, askari amatero kuno.

Loweruka lina masana tikusankha nyemba, thukuta linangomutuluka. Anapisa m'chikwama, osapeza kanthu. Anandiyang'ana n'kuti, "Amayi, shuga." Achimwene, m'nyumba monse munalibe ngakhale kambewu. Ndinatsika masitepe onse opanda nsapato, ndikukuwa m'Chichewa pakati pa anthu osachimva. Wa kabaza wina, boda boda amatero kuno, ndiye anathamanga ndi botolo la chakumwa chotsekemera. Deliwe anatsitsimuka, koma kuchipatala anagona masiku awiri. Mpaka lero akuganiza kuti masiwitiwo anagwera m'matatu, minibasi yakuno. Sindinamuuze. Mayi Upile aima kulemba akundiyang'ana, ndawauza kuti alembe.

Adokotala akuti kugwa kotere kwachuluka, tsiku lina sadzadzuka. Akufuna apite kuchipatala china kutsidya kwa nyanja. Kumeneko amadikira munthu amwalire, amatenga kapamba wake, n'kusefamo tinthu tating'ono koposa mchenga, timene timaweta shuga m'thupi. Timeneto amatilowetsa pamtsempha, tikakhale m'chiwindi cha Deliwe. Akatero azimwa mankhwala moyo wake wonse kuti thupi lisathamangitse alendowo, ndipo sanabise kuti mwina patapita zaka adzabwereranso ku jakisoni.

Ndinafunsa kuti wakufayo ndi wa mtundu wanji, anali ndi mtima wotani, nanga akabwera kudzafuna zake? Deliwe anaseka. "Amayi, mwina akhala wosewera mpira, muzindiona ndikuthamanga pa Ngong Road." Ine sindinaseke. Ndinamenya tebulo la adokotala n'kunena kuti mwana wanga salowetsedwa za akufa mwini mbumba asanamve.

Ndinkaganiza kuti andiderera ngati nthawi zonse. Koma anabweza cholembera osasaina mapepala ovomereza, akuti, "Chabwino, tidikire amalume." Papita masabata awiri mapepala ali pamwamba pa firiji. Dzulo wagwanso kuntchito.

Ndiye achimwene, imbani foni mumuuze kuti mwalola. Musanene kuti ndapempha ndine, pakamwa panga sipanabwezepo mawu chibadwire. Ngati mukufuna kundikalipira za masiwiti, mudzandikalipire ndikabwera, ndidzakhala pansi. Koma imbani kalatayi ikangofika, musadikire kukumana ndi abale. Deliwe akachoka m'mawa ndimaima pawindo mpaka madzulo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa a Eric ndi ana awo, ndi amayi a Chigwirizano, muwauze atchule Deliwe Lachinayi. Chinanso. Adokotala akuti dzina la adzamwalireyo sadzatiuza, ngakhale mudzi wake. Kuli mayi wina amene lero akuseka ndi mwana wake osadziwa kanthu, ndipo ine ndimapemphera kuti foni yoti kapamba wapezeka idzalire msanga. Mulungu andikhululukire. Choncho mukamva maliro kulikonse, ngakhale a munthu wosamudziwa, pitani mukakhuze, mukhale mpaka kumanda. Mukandikhalire pamenepo.

Ndine mlongo wanu,
Nangondo