Pasiwedi Yanga Sindibwereketsa

Limbe, 14 Ogasiti 2017

Okondedwa amayi,

A Henderson a ku ofesi kwathu, mwana wa a Frackson a ku Nsaru aja, akubwera kumudzi Loweruka, ndipo ndikudziwa kuti asanafike n'kwawo komwe adzayamba apatukira kwanu kudzakuuzani kuti Benedeta wayamba mwano. Ndiye ndati kalata yanga iwatsogolere. Koma ndisanayambe, kodi muli bwanji amayi? Bondo lija likuvutabe? Ine kuno ndili bwino, ndanenepa moti siketi ya kwaya ija ikukana kulowa.

Nkhani yake ili chonchi. Mu ofesi mwathu muli makompyuta anayi, anthu tilipo khumi ndi mmodzi. Poyamba tonse tinkalowa ndi dzina limodzi, pasiwedi yake, mawu achinsinsi otsegulira aja, anachita kuimata pakhoma ngati kalendala. Aliyense ankangoponya zake pamalo amodzi, wina makalata, wina nyimbo, wina zithunzi za ukwati wa mlamu wake. Ine ndinataipa mayina a alimi oposa mazana asanu ndi atatu, masabata awiri mpaka zala kuuma. Lolemba lina ndikuti nditsegule, ntchito yonse palibe. Pamalo pake pali mafilimu a karate.

Abwana anandipatsa kalata ya chenjezo, poti watsopano ndinali ine, miyezi itatu yoyeserera ndisanaimalize. Anati ikadzabwera yachiwiri ndidzanyamule chikwama. A Henderson anali pompo, akutafuna mtedza umene munanditumizira inu, osatulutsa ngakhale liwu limodzi. Chonsecho ofesi yonse ikudziwa amene amakonda karate.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wodziwa za makompyuta, a Loyce. Analumikiza makompyuta onse, n'kumupatsa aliyense dzina lake ndi pasiwedi yake. Tsopano kaya ndikhale pa kompyuta ya pawindo kaya ya pakhomo, ndikangolemba dzina langa zinthu zanga zimanditsatira monga ndinaziyalira dzulo. Wina sangazione, kufufuta ndiye ayi ndithu. Zili ngati mabelo a fodya: lole ndi imodzi, koma belo lililonse lili ndi nambala ya mwini wake. Pa sikirini panga ndinaikapo chithunzi chanu cha pa ubatizo wa mdzukulu wanu Talandira, ndiye m'mawa uliwonse mumandilandira ndi diso lija lofunsa ngati ndasesa.

Sabata isanathe karate anabweranso, koma ulendo uno pa dzina la munthu mmodzi. A Loyce anadabwa kuti akudzaza malo m'kompyuta chonchi ndani, n'kukawaonetsa abwana. Abwana anandiitana, n'kung'amba kalata ija ine ndikuona. Andikhazikitsa pa ntchito, amayi! Tsiku limenelo ndinayenda pansi mpaka kunyumba ndikumwetulira ndekha ngati wamisala.

Ndiye Lachitatu lapitali a Henderson anaiwala pasiwedi yawo. Analakwitsa katatu, kompyuta n'kuwatsekera kunja. Anabwera kwa ine ndi mawu ofewa, akuti ndiwabwereke yanga kwa mphindi zisanu zokha, akuti ndife a kumudzi kumodzi, komanso anandinyamulapo ndili khanda. Ndinawayankha mwaulemu wonse, manja pamodzi, kuti amene anandibereka kumbuyo zaka ziwiri ndinu amayi anga, koma ngakhale inuyo pasiwedi yanga simuidziwa. Anthu anaseka mpaka wina kutsamwa tiyi. Iwo anakhala mpaka masana kudikira a Loyce, akuwerenga nyuzipepala ya sabata yatha.

Mwano wake ndi umenewo basi. Mukukumbukira chaka chimene malemu bambo anabwereketsa nambala yawo ya fodya kwa mnzawo uja, a Gabriel, eti? Belo linapezeka ndi mapulasitiki n'kubwezedwa, ndipo dzina limene linaipa linali la bambo. Ndinali Sitandade 7, koma ndinawaona bambo akukankha mbale masiku awiri.

Pempho langa ndi limodzi. Akabwera apatseni mpando ndi madzi akumwa, amvereni mpaka amalize, koma musandipepesere. Ndimakudziwani, mudzayamba kuthamangitsa tambala wofiira uja kuti muzimitse moto. Tambalayo ndi wanga wa Khirisimasi. Wofunika kupepesa akudzidziwa yekha. Lachisanu anandiikira mandasi awiri pa desiki osanena kanthu. Ndinadya, poti mandasiwo sanandilakwire, koma mandasi si pakamwa.

Mundiperekere moni kwa amalume a ku Kabudula, azakhali a ku Nambuma, achimwene a Raphael ndi alamu anga, komanso Talandira mumuuze kuti nsapato zake sindinaiwale. Za a Henderson ndalekera pano. Sindidzazitchulanso, ngakhale mutandifunsa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Benedeta