Amene Akuwamwetsa Bambo Madzi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, kungoti mtima suli m'malo.

Impso za bambo zafooka ndithu. Mkodzo ukungodontha pang'ono, wofiirira ngati tiyi. Anamwino amene amabwera kudzawaona anandipatsa botolo limodzi, akuti madzi a tsiku lonse ndi omwewo, ndikapitiriza muyezo adzadzaza m'mapapo n'kuwatsamwitsa. Anandiphunzitsanso kudinikiza mwendo ndi chala: pakatsala kadzenje, ndiye kuti madzi achuluka m'thupi.

Achimwene, kumana madzi bambo wokubereka! Amandiyang'ana milomo ili gwaa, n'kumati ngakhale mdani samumana madzi. Ine ndimangowapukuta milomo ndi kansalu konyowa, kenako n'kukalirira kubafa.

Koma miyendo ikungotupabe. Anamwino anandikalipira, akuti ndikuwamwetsa mobisa. Ndinalumbira mpaka misozi. Makapu onse ndinawatsekera m'kabati, mpopi n'kuumanga ndi waya.

Nditawafunsa bambo anangoseka, akuti ndisadzivute, amayi ndi amene amawamwetsa masana ine ndikatuluka kukachapa. Amayi omwe aja tinawaika m'manda tonse tikuona! Ndinati ndi matenda basi, poti anamwino ananena kuti impso zikafooka mutu umasokonezeka.

Dzulo dzuwa lili pamutu ndikuyanika zofunda, ndinamva madzi akuthiridwa m'kapu m'nyumbamo. Ndinathamanga. Waya ali chimangire, kabati ili chitsekere. Bambo ali chagada, ndevu zonyowa, akupuma ngati athamanga mtunda. Pankhope yawo yotupayo panali timaenje ta zala, mmene umamugwirira wodwala pomumwetsa. Ndinawerenga, chala chapakati panalibe. Inu mukukumbuka chala chimene chitseko cha basi chinawadula amayi.

Ndinangoyang'ana mpaka timaenjeto tinafafanizika. Ndikuopa, achimwene, sindikubisirani.

Chonde bwerani, musachite kudikira malipiro. Kuwamana bambo madzi ndakwanitsa, koma amayi sindinawatsutsepo chibadwire. Lero sindichapa, ndikhala pampando pafupi ndi bedi. Amayi akabwera, sindikudziwa ngati ndiwalande kapuyo kapena ndiwathandize kudzutsa mutu wa bambo.

Mulungu akusungeni panjira. Mundiperekere moni kwa alamu, koma anawo musawauze.

Ine mlongo wanu,
Chitsiriza