A Ezara, Mwendo wa Yoweli Nawonso Watupa

Lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, achimwene athu a Ezara Mbewe a ku Zingalume. Munapita pa 9 Ogasiti 1984, muli ndi zaka 28 zokha, thonje lanu lisanagulitsidwe n'komwe.

Sitinazolowerebe. Belu la njinga likalira kumseu amayi amatukula mutu, poti inu munkayamba kuliza belu mukadali kudambo, ati kuti apongozi apeze nthawi yobisala. Ku kwaya ya mpingo palibe walowa m'malo mwanu, amene akuyesera besi angotipweteka makutu. Munkatilangiza kuti njinga ikayamba kulira, tsika uone, usadikire kuti ikugwetse. Mwana wanu Jonasi, amene munamusiya ali kumsana, tsopano amaseka mpaka kukhala pansi monga munkachitira inu.

Matenda anu anayamba ngati zocheza. Munapita ku Lusaka kukasaka matayala a njinga, poti kuno anali atasowa, ndipo munabwerera pa basi yodzadza, miyendo yopinda ulendo wonse. Posakhalitsa mwendo wakumanzere unatupa kuyambira m'bondo kutsika, wotentha ndi wowawa. Akuluakulu anati mwaponda zoipa panjira. Anakutemani mphini, kukuthowani ndi madzi otentha, kukusisitani mwamphamvu. Inu munkangoseka kuti mwendo wanenepa wokha kusiya mwini wake. M'mawa wina munayamba kubanika, m'chifuwa mukubaya. Tinathamanga nanu pangolo, ndipo kuchipatala chaching'ono adokotala anati magazi anaundana mumtsempha wa mwendo, kachidutswa kathothoka n'kukatseka m'mapapo. Anatinso mwendo wotere sausisita. Jekeseni yofunikayo analibe, galimoto yoti ikupititseni kuchipatala chachikulu inalibe mafuta. Sitiwada, anayesetsa ndi zomwe anali nazo. Munatsirizika akazi anu a Monika atakugwirani mutu. Zimatipweteka mpaka lero, ndipo nthawi zina zimatikwiyitsa.

Achimwene, tikulemba izi mitima ili m'mwamba. Mng'ono wanu Yoweli wagonekedwa. Mwendo wake watupa chimodzimodzi, wakumanzere womwewo. Amalume anafika ndi lumo kuti amuteme, koma a Monika, amene chikwatiwireni sanayankhepo munthu wamkulu, anaima pakhomo n'kukana kuti wina aliyense amukhudze. Mukanawaona mukanadabwa. Tinamukweza pangolo tsiku lomwelo, mwendo uli pa mtsamiro, ndipo kuboma tinapempha malo pa lole ya thonje mpaka kuchipatala chachikulu. Kumeneko akumubaya jekeseni ndi kumupatsa mapiritsi oletsa magazi kuundana. Adokotala akuti vutoli nthawi zina limayenda m'banja, ndipo ayenera kumwa mankhwalawo miyezi ingapo osadumphitsa. Koma atiuza mosabisa kuti otsala ndi ochepa, ndipo sakudziwa kuti ena afika liti. Amalume satilankhula. Amayi akungokhala pakhonde, chakudya n'kumazizira pambali pawo.

Dzulo Yoweli anatsokomola kamodzi, ife tonse amene tinali naye m'wodimo tinaimirira. Iye anatiyang'ana n'kufunsa ngati inunso munayamba choncho. Mukudziwa kuti mwanayu ankakutsatani kulikonse, kudimba, kumpira, ngakhale kokafunsira mbeta munachita kumubweza ndi chibulumwa. Ulendo uno wokha, achimwene, mubwezeninso. Amayi sangathe kuika mwana wachiwiri.

Dzina lanu silidzachoka pakamwa pathu. Usani mumtendere.

Ine mlongo wanu Olipa, pamodzi ndi amayi athu a Lonia, a Monika, Jonasi, ndi Yoweli ali pabedi.