Sitika Yofiira pa Boyila ya Alamu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ine ndili bwino, kungoti ndanenepa pang'ono, moti mukanandiona mukanafunsa kuti akundiphikira ndani. Palibe, Amayi, ndi mpunga wa kukampani. Papita zaka zitatu chikuikireni m'manda ku Dedza, ndipo nkhani zaunjikana. Kachewere anachita bwino chaka chino. Malume akadali pa mkangano wa malire uja, ndipo tsopano akuti mtengo wa mapichesi unasuntha wokha. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula ya chaka chatha. Sitinalikonze, musakwiye.

Nkhani yeniyeni ndi ya achemwali anga Esinati, koma ndiyambe ndi ntchito yanga kuti mumvetse. Kuno ku Doha ndimayendera maboyila a gasi, makina otenthetsa madzi osamba, m'nyumba za ku Al Duhail. Museka, chifukwa dziko lino miyezi yambiri madzi amatuluka pampopi atawira kale ndi dzuwa. Koma Disembala akafika kumazizira ndithu, anthu amayatsa maboyila, ndipo kamodzi pachaka timapita kukawaona. Ndimapaka thovu la sopo polumikizana mapaipi kuti ndione ngati gasi akuthawa, ndimasuzumira mu chumuni, kenako ndimayang'ana lawi. Likakhala la buluu, zili bwino. Likakhala lachikasu, ndiye kuti boyila ikusowa mpweya ndipo ikutulutsa utsi wosaoneka, wosanunkha, umene umapha munthu mwakachetechete. Ndi womwe uja wa mbaula.

Mukukumbukira Juni uja ndinalowetsa mbaula kuchipinda n'kutseka zenera ndi chiguduli? Munaikankhira panja ndi phazi, n'kundipatsa mbama, kenako n'kufotokoza. Inu nthawi zonse munkayamba ndi mbama, phunziro pambuyo. Munati, "Moto nawo umapuma. Ukaumana mpweya, umatenga wako." Ku kosi ya kukampani mphunzitsi anatenga masiku awiri kunena zomwezo, ndi zithunzi zomwe.

Nyumba ya Esinati ili pa mndandanda wa nyumba zanga, ndipo mu Disembala anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Amuna awo, alamu anga a Kamwendo, mukuwadziwa: injiniya wa misewu amene ngakhale pothira shuga mu tiyi amafotokoza sayansi yake. Katatu konse ndinawaimbira kuti ndidzaone boyila, katatu konse anandibweza. Ankati m'nyumbamo muli kale injiniya. Ndinangozisiya, chifukwa ntchito ino anandipezera ndi iwowo, ndipo munthu wotero sumutsutsa pakhomo pake.

Masiku omwewo Esinati ankadandaula mutu ndi chizungulire. Aliyense ankati ndi mimbayo. Amayi a kutchalitchi ku Abu Hamour anawapempherera, n'kulosera kuti ndi mwana wamwamuna, amavuta choncho. Chodabwitsa chinali chakuti akapita kusukulu kumene amaphunzitsa, pakati pa ana olongolola tsiku lonse, mutu unkasiya, koma akangofika kunyumba unkayambanso. Ine ndinawaseka pafoni kuti ndiye kuti matenda awo ndi amuna awo. Ndinaseka, Amayi, ine mwini ntchito imeneyi, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Chimene chinandifikitsa kumeneko ndi usipa. Azakhali anatumiza thumba lonse kudzera mwa mnzathu wochokera ku holide, ndipo Lachisanu lina, tsiku lopuma kuno, Esinati anandiitana kuti ndidzadye nawo usanathe. Nditangolowa m'khitchini ndinaona katoni itamatidwa ndi tepi pa kazenera kolowera mpweya, pafupi ndi boyila. Inamatidwa bwino, makona ake owongoka, ntchito ya injiniya. Alamu anafotokoza monyadira kuti aneba anadandaula za fungo la usipa, mpaka kufunsa alonda a pageti ngati kwafa mphaka, ndiye iwo anathetsa vutolo mwa sayansi: fungo lisatuluke. Katoniyo inali itatha masabata atatu pamenepo.

Ndinasuzumira lawi. Linali lachikasu ngati la koloboyi, pamwamba pake pali mwaye. Kamakina kanga koyezera mpweya, kamene sindikasiya ngakhale popita kokadya, kanayamba kulira ndisanakatulutse bwinobwino m'chikwama. Ndinachita mantha, Amayi. Mbama sindinapereke, ngakhale dzanja linandiyabwa monga linkayabwira lanu. Ndinatseka gasi, ndinang'amba katoni, ndinatsegula mazenera onse, n'kutulutsa Esinati panja chipande chili m'manja. Kenako ndinamata sitika yofiira pa boyila, yosonyeza kuti palibe woiyatsa mpaka itakonzedwa.

Alamu anati, "Alamu, sitika yofiira m'nyumba ya injiniya? Tachotsani, tikambirane ngati famile."

Ndinati, pobwereka liwu la anthu akuno, "Khalasi, alamu, zatha. Mukhoza kundilipota ku ofesi, koma achemwali anga sagona muno lero."

Sitika inakhala pomwepo. Tinapita nawo Esinati kuchipatala, anawaika pa mpweya, n'kuyamba kufufuza mwana. Ine ndinakhala pa benchi ndikupemphera mapemphero onse amene munatiphunzitsa, ngakhale la pachakudya lomwe. Alamu anakhala pambali panga. Kenako namwino anatiitana kuti timve kamtima kakugunda. Injiniya analira mpaka mamina, ine n'kuwapatsa kansalu kanga kopukutira mapaipi.

Podikira kuti boyila ikonzedwe, alamu anasamba madzi ozizira masiku anayi, ndipo ankakuwa m'bafa moti aneba anadandaulanso. Usipa tsopano amakazingira panja, kuseri kwa nyumba, mphepo ikamalowera kwina. Masiku ano amandiimbira ngakhale filiji ikangotsokomola, ndipo kutchalitchi amauza anthu kuti vuto lija tinalipeza limodzi. Ndimangovomera. Paja munkati wakutsina khutu ndi mnansi, koma simunanene kuti wotsinidwayo amathokoza.

Mwana anabadwa mu Febuluwale, wamkazi, zimene amayi a kutchalitchi sakufuna kukambirana. Ndi wamphumphu, ndipo akalira amamveka mpaka pageti, mapapo ake ali bwino. Anamutcha Elube, dzina lanu, ndipo anasankha ndi alamu eni ake. Nditamunyamula koyamba ndinapezeka ndagwira tsaya langa lakumanzere. Zaka zonsezi ndinkakusungirani kamkwiyo pa mbama ija, ndinkati munamenya mwana amene ankangomva kuzizira. Lero mbama imeneyo ili ndi mdzukulu. Zikomo, Amayi.

Ndikulonjeza kuti lawi la m'nyumba imeneyo ndiziliyang'ana chaka chilichonse, alamu afune asafune. Ndipo ndikabwera ku holide ndidzakonza denga la khitchini yanu, n'kusiyako kazenera kotsegula.

Ndine mwana wanu amene amakukondani ndi kukusowani,
Yohane