Ndanyamula apongozi m'mwamba

Loweruka, kumapeto kwa Epulo. Tsiku lokoma, koma manyazi andipha.

Lero kunali fainolo ya chikho chotsegulira sizoni, timu yathu ndi adani athu akalekale aja. Ndinasiya fodya m'chigafa n'kuthamangira ku Kasakula kukaonera m'kanyumba ka vidiyo. Munali mdima, anthu thithithi. Mpira unafika pa mapenate. Goloboyi wathu atagwira yomaliza, ndinakumbatira munthu amene anali pambali panga mpaka kumunyamula.

Atatsegula chitseko, ndinaona kuti ndanyamula apongozi anga, amayi ake a Nabanda mkazi wanga.

Chikwatirire pamudzi pano, ine ndi iwo sitinayang'anizanepo. Ndikawaona panjira ndimalowa m'chimanga mpaka adutse. Lero ndawakweza ngati thumba la mtedza.

Ndinagwada pomwepo. Iwo anakonza duku, n'kutembenukira kukhoma monga mwa mwambo, n'kuuza mayi wina kuti, "Auzeni akamwiniwo kuti goloboyi ameneyu ndi mwamuna."

Nabanda akusekabe. Mawa popita kudimba ndidutsa pakhomo pawo, ndipo chimanga cha m'mbali mwa njira adula kale. Kaya ndikabisala pati.