Njinga ya a Gelevazio Yabwera Yopanda Mwini

Lachitatu, mwezi wa Ogasiti

Lero pa Nsanama pangoti zii ngati pagwa maliro, chonsecho palibe wamwalira. Kapena alipo, sitikudziwa.

Lamulungu tinasankha a Gelevazio kukhala pulezidenti wa bungwe lathu la alimi a thonje. Tinachita kukweza manja, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Anagonjetsa a Mitawa, munthu wa azungu a kuboma, chifukwa a Gelevaziowo ananena poyera kuti chitaganya cha maiko atatu chimene azungu akubweretsachi sitikuchifuna, ndipo mtengo wa thonje tizikambirana nawo. Lolemba azungu anawaitanitsa kuboma, ku Kasupe. Anapita pa njinga, atavala jekete la kutchalitchi.

Masana ano mesenjala wabwera akukankha njingayo, jekete atalimanga pakaliyala. Waitsamiritsa pakhonde la a Gelevazio. Akazi awo afunsa, "Nanga eni ake?" Iye wangoti, "Ine andituma njinga basi, mayi," n'kumapita.

Koma chimene chandiopsa kwambiri ndi anthu. Kumsika aliyense akuti, "Iyayi, ine sindinakweze dzanja." Ndi achimwene anga omwe! Ndiye a Gelevazio anasankhidwa ndi mizimu? Ngati kusankha munthu ndi mlandu, anatilolera chiyani kusankha?

A Mitawa andipeza pasukulu, akumwetulira. "Aphunzitsi, phewa lili bwanji? Paja Lamulungu mkono munautukula kwambiri." Ndaseka nawo. Mpaka pano manyazi akundigwira.

Akazi a a Gelevazio andipempha ndiwaperekeze ku Kasupe mawa, poti Chingerezi ndimachitha. Ndavomera. Akazi anga angondisitira malaya, kenako andilongedzera ndi bulangete lomwe, ngati munthu amene sabwerako msanga...