Udzu wa Batani

Lolemba, 1 Disembala

Batani sakudya bwino. Chitsirizira wanga popita kusukulu yogonera konko anandisiyira mbira zake ziwiri, Batani ndi Zipi. "Adadi, ndidzazipeze zamoyo." Tsiku limenelo ndinaseka. Ine telala wamkulu kumalera makoswe opanda mchira! Lero kuseka kulibe. Zipi akudya ngati mawa kulibe, Batani wangoti duu pakona. Mwana akubwera Loweruka.

Lachiwiri, 2 Disembala

Kwa dokotala wa ziweto. Akuti mano a mbira amakula osaleka, ndipo chimene chimawaperesa ndi udzu wouma. Ndawaonetsa wanga, uja ndinapatsidwa ndi bambo woweta akalulu. Angoufwenkha kamodzi nkukwinya nkhope. "Bambo, uwu ndi woyala pansi, osati wodya." Wachikasu, fumbi lokhalokha, kafungo ka nkhungu. Manyazi! Ofunika ndi wouma koma wobiriwira, wonunkhira. Andipatsanso kaphala komamwetsa Batani pang'onopang'ono. Madiresi a ukwati ali pamakina, adikire kaye.

Lachitatu, 3 Disembala

Ndaupeza! Ndaupeza ine! Kasitolo kakang'ono kuseri kwa depoti ya mabasi, matumba mpaka kudenga. Mayi wogulitsa amasula mtolo. "Lowetsani mphuno, bambo, musachite manyazi." Fungo lake, abale! Ngati tiyi wabwino. Ndaupinda ndi zala monga ndiyesera nsalu, sukuthyoka. Ndaukutumula, fumbi ayi. Mtengo wake ndiye woopsa, koma ndalipira. Ulusi watsopano tidzaona mwezi wamawa.

M'basi ndaukhazika pamiyendo, aliyense akundiyang'ana. Ayang'ane!

Chimodzi chokha: nsonga zake zanyankhalala, tingala ndi timaluwa touma paliponse. Maso a telala sangapirire zimenezo. Ndatenga sizasi yaikulu, ndadula nsonga zonse, mapesi ndawalinganiza bwinobwino. Zodulazo ndataya m'dengu la zidutswa za nsalu. Mayi akunyumba atsamira chitseko: "Bambo a mwana, mwayamba kusokera mbira tsopano?" Aseke. Mawa aona.

Lachinayi, 4 Disembala

Palibe chimene aona. Zipi wamaliza gawo lake ndi la mnzake lomwe. Batani wangonunkhiza nkutembenuka. Ndamunyamula, wapepuka, nthiti zikumveka m'manja. Kolala ya kasitomala ndaisoka chozondoka. Mantha andigwira, ndisaname.

Lachisanu, 5 Disembala

Mmawa khola pululu kumbali ya Batani, kachitseko kali kotsegula. Ndinayamba kumufunafuna. Pansi pa tebulo lodulira, kuseri kwa makina, m'nsapato, paliponse. Ine chokwawa, tepi ikadali m'khosi.

Mayi akunyumba ndi amene anamva kuswaya. Dengu la zidutswa linali litagwa chammbali. Mkati, pa nsalu ya silika, bwana Batani, masaya tutumu, akukukuta nsonga zija ndinataya! Kukukuta kwenikweni! Ndinakuwa mpaka wometa tsitsi wa khomo linalo anathamangira kuno, akuyesa kwabuka moto.

Ndaimbira mayi wa kusitolo. Aseka mpaka kutsokomola. "Mwadula nsonga? Bambo, pokoma pake ndi pamenepo! Wodwala amayambira pamenepo." Ndatola kangala kalikonse m'dengumo, kamodzikamodzi, ndikuchotsa ulusi. Sizasi isayandikirenso udzu. Madzulo Batani wayamba ndi mapesi omwe. Tindowe take tadzaza pakona, ndipo ine ndaitana mkazi wanga kuti adzaone. Wakana.

Loweruka, 6 Disembala

Wafika. Watalika. Chikwama pansi, molunjika kukhola. Batani anamulirira kuti wii, wii, udzu uli kukamwa. Zamoyo, zonse ziwiri! Ndinaima kumbuyo kwake chifuwa chili patsogolo.

Kenako mayi ake anamuuza zonse, za kukwawa zomwe. Anaseka mpaka misozi. Atapukuta m'maso: "Adadi, mwavutika mokwanira. Mnzanga wina akuzifuna. Ndikamabwerera kusukulu ndidzamupatsa, mupume."

Mupume. Ndani wanena kuti ndatopa? Mnzakeyo amadziwa kununkhiza mtolo? Amadziwa za nsonga?

Ndalowa kuno kosokera, ndaimbira mayi wa kusitolo andisungire mitolo ina. Batani ali pamiyendo panga, akutafuna tepi. Mwanayo akugogoda, ndipo sindikudziwa ndiyambira pati kumuuza kuti mbirazi sizichoka pano.